Mandala Anga Sindivula

Ndikukumbukira dzuwa la ku Likhubula kuposa nkhope za anthu a kumeneko. Nkhope ndinkaziona mwa apo ndi apo, koma dzuwalo ndinkalimbana nalo tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri linkandigwetsa. Ndinabadwa ndi khungu loyera, tsitsi longa ndevu za chimanga, ndi maso osakhazikika malo amodzi. Masiku ano anthu aphunzira kutitchula mwaulemu kuti alubino. M'zaka za m'ma 1950 dzina langa loti Fanesi linkagwira ntchito m'nyumba mwathu mokha. Kunja ndinali napwere, kapena mzungudala. Azimayi apakati akakumana nane panjira ankadzilavulira pachifuwa kuti asadzabereke mwana wonga ine. Ine ndinkaima n'kulavula pansi, kuti nanenso ndisadzakhale ndi mtima wonga wawo. Ndinali mwana wamakani, ndipo ukalamba sunandichiritse.

Inu a maso abwino simungadziwe kuti dziko limabaya. Mvula ikangokata, dzuwa n'kutuluka, munda wonse wa tiyi unkang'anima, tsamba lililonse lonyowa likundilasa m'diso palokha. Matanthwe a phiri, madzi akamatsetsereka pamwamba pake, ankathwanima moti sindinkatha kudzutsa mutu. Mtsinje ndiye usanene. Anzanga ankakamba za nkhanu ndi timiyala ta pansi pa madzi, ine ndikungoona chinthu choyera chothobwa m'maso, misozi ili chuchuchu. Ndinkayenda dzanja lili pachipumi, maso ali pansi, ndipo akuluakulu ambiri ndinkawadutsa osawapatukira chifukwa sindinawaone. Mbiri inawanda kuti kamwana ka a Saizi n'konyada, kakudziyesa mzungu weniweni.

A Saiziwo anali bambo anga. Ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo kukabwera azungu ofuna kukwera ankawanyamulira mahema, mabulangete ndi mabokosi a zakudya. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo akadutsa pafupi umamva fungo la mkungudza. Amayi ndiye anali moto. Ankathyola tiyi kuesiteti. Chinyanja chawo chinkakokera ku Chilomwe cha makolo awo ochokera kwa Apwitikizi, ndipo akapsa mtima ankachisiya Chinyanjacho n'kulowa m'Chilomwe chenicheni, mwakuti ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti pakhomo pavuta. Ine nditabadwa, azakhali ena ananong'oneza kuti mwana wotere sasungidwa. Amayi anawathamangitsa ndi munsi, ndipo azakhaliwo sanapondenso pabwalo pathu.

Mandala anabwera ndi bambo. Ulendo wina ananyamulira mzungu wokonda kuwedza m'timitsinje ta pamwamba pa phiri. Mzunguyo ankavala mandala akuda, amene ana a lero amati magalasi a dzuwa, ndipo ankaloza nsomba pamalo pamene bambo ankangoonapo kunyezimira kwa madzi. Tsiku lina anawabwereka bambo kuti aonemo, mongosewera. Bambo ankati atangowavala, madzi anachita ngati wina wawavundukula: miyala, mchenga, nsomba, zonse poyera. Mtima wawo unathamangira kwa ine. Potsika, mandalawo anapulumuka m'thumba la mzunguyo n'kugwera kuphompho. Iye anasuzumira, anatukwana m'chinenero chake, n'kunena kuti asiyeni, zapita. Bambo anathyola nthambi pamalopo kuti asadzasokere. Atapeza mpata anabwererako okha, natsika phompholo atagwira mizu ndi zilambe, nawapeza atakodwa pachitsamba, mwendo umodzi utapindika koma magalasi ake ali bwinobwino.

Anandiveka m'mawa wina mvula itangokata. Mandalawo anali aakulu, otsetsereka pamphuno, ndiye bambo anawamanga ndi luzi kunkhongo. Anandigwira dzanja mpaka kumtsinje, nangoti, "Ona." Kale ndinali nditayesapo kuyang'anira m'chidutswa cha botolo lakuda. Chinkadetsa dziko lonse, koma kuthwanima kuja kunkadutsabe. Awa anali ena. Ankachotsa kuthwanimako n'kusiya chinthucho. Ndinaona nkhanu yoyamba m'moyo wanga ikuyenda chammbali pansi pa madzi, ndipo ndinakuwa mpaka amayi ena ochapa anathamanga poganiza kuti ndalumidwa ndi njoka. Pobwerera ndinaona kuti tiyi ndi wobiriwira mitundumitundu, wanthete ndi wokhwima. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinayang'ana amayi kumaso osatsinzina, ndipo ndinapeza kuti ali ndi timphini m'masaya. Ndinali nditawakhudza nthawi zambiri, koma kuwaona ndinawaona tsiku limenelo.

Sukulu yathu inali ya mishoni, nyumba ya zidina yofolera ndi udzu, yopanda khonde. Aphunzitsi anali a Nampinga, ndipo ndinene chilungamo, sanali munthu woipa. Makolo ena atadandaula kuti ana awo asakhale limodzi ndi napwere, iwo anandilemba dzina n'kundikhazika kutsogolo. Ankavala kabudula wa kaki wosita bwino ndi masokosi ofika m'mawondo, ndipo zilembo zawo zinali zazikulu, zoima chilili ngati asilikali. Koma ulemu ankaukonda kuposa chakudya. Pamsewu ankayenera kutsika njinga ndi kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense, ngakhale kamnyamata kosamera ndevu, ndipo ulemu wonse umene ankautaya pamsewupo ankabwera kudzautolera kwa ife. Pamenepo ine n'kulowa m'kalasi nditavala mandala akuda, chinthu cha azungu ndi matchona obwera ku Joni. Amayi anali atakawauza kale kuti ndi a maso, choncho analola, koma ankawayang'ana monga munthu amayang'anira ntchentche yagwera m'ndiwo.

Zinthu zinayenda ndithu mpaka kunabwera bolodi latsopano. Lakale linali thabwa lotikita ndi makala, lotuwa, losaoneka bwino, koma ine ndinkaliwerenga. Latsopanoli linachokera kumishoni litapakidwa utoto wakuda wonyezimira, ndipo a Nampinga ankalipukuta ngati mwana wakhanda. Kuwala kolowera pazenera la m'mbali kunkamenya bolodilo n'kudzatera mbali ya atsikana. Anzanga ankangosuntha mutu pang'ono n'kumawerenga. Kwa ine zilembo zonse zinamira m'kuthwanima. Chondidabwitsa chinali chakuti mandala anga, amene ankagonjetsa mtsinje ndi sileti yapamiyendo, pabolodipo analibe mphamvu. Ndinapempha kuti ndikakhale mbali ya anyamata. Aphunzitsi anati mtsikana pakati pa anyamata, kusukulu ya mpingo, zimenezo sizidzachitika iwo ali moyo.

Njira ndinaipeza mwangozi. Tsiku lina ndinawerama chammbali kutola kapensulo ka sileti, maso ali kubolodi, ndipo kuthwanima kuja kunazima, zilembo n'kutulukira. Nditadzuka, zinamiranso. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga mutu uli paphewa. Khosi linkapweteka, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sindinaganize n'komwe mmene zinkaonekera kwa munthu woima kutsogolo. Kwathu mwana akamayankhula ndi wamkulu amagwetsa nkhope. Kupendeketsa khosi ndi kwa munthu woderera, amene akunena mumtima kuti tiyeni timalize bodza lanulo. Ine ndinkachita zimenezo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, maso nditabisa.

Anapirira kwa kanthawi, kenaka m'mawa wina anasiya choko.

"Fanesi, khosi lako lathyoka?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga ukundiyang'ana bwanji ngati nkhuku yoona kabawi?"

"Ndikatere m'pamene ndikuona bolodi, aphunzitsi."

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunandiphera mlandu. Kwa iwo zinamveka ngati ndikuwachita chipongwe pamaso pa ana. Anafika pamene ndinakhala n'kutsomphola mandalawo. Luzi la bambo linali lolimba kuposa mandala, choncho anathyoka pamphuno, magalasi onse awiri n'kugwera pansi. Sanasweke, poti sanali a galasi lenileni koma a chinthu cholimba ngati chikhadabo. Ndinamva aphunzitsi akupuma mofulumira. Ndikhulupirira kuti nawonso sanafune kuti zifike pamenepo, koma mawu awo anatuluka owuma. Anati nditole zinyalala zanga, ndipo mawa ndibwere ndi maso amene Mulungu anandipatsa. Ndinafwanthula pansi ndi manja mpaka ndinawapeza. Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira kumunda wa nandolo, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo, osati kwa chisoni.

Masana amenewo ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi timagalasi tanga tiwiri m'manja. Ndinatisanjikiza, ndipo kuwala kunkadutsa. Nditapotoza kamodzi, kunada bii, ngati ndatseka chitseko. Ndinapotozanso, kunayera. Ndinasewera choncho mpaka mantha anatha, n'kuyamba kuganiza. Ndinayang'ana madzi a m'beseni ndi galasi limodzi, ndikulizunguza pang'onopang'ono, ndipo kuthwanima kunkabwera n'kuchoka. Ndinanyowetsa sileti yanga n'kuiimika patsinde la mtengo ngati bolodi, dzuwa likuimenya chammbali. Galasi likakhala monga linkakhalira m'mandala, sileti inkandithobwa. Ndikaligoneka chammbali, inkada n'kuonetsa zimene ndinalemba. Pamenepo ndinazindikira kuti chofunika kupendeka si khosi langa ayi, koma galasi.

Madzulo ndinafotokozera bambo zonsezi, ndipo anamvetsera osandidula mawu. Anatenga waya wa misampha yawo, naupinda mozungulira magalasiwo, naukulunga ndi tinsanza kuti usandicheke. Lakumanzere analisiya monga linalili, la mtsinje, njira ndi sileti. Lakumanja analigoneka chammbali monga ndinawauzira, la bolodi. Atatha, anandiveka, ndipo amayi anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere ndikuoneka ngati nanzikambe, diso lililonse ndi ulendo wake. Poyamba mutu unkazungulira, koma ndinaphunzira kutsinzina diso limodzi kuseri kwa galasi, kumene palibe akanaona.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu," anatero bambo. "Akakuuza kuti vula, uvule, uike m'thumba. Mtima wawo ukatsika tidzapita kukapepesa."

"Kupepesa chiyani?" anafunsa amayi. "Wathyola ndi ndani?"

M'mawa mwake bambo anakwera phiri, kumene kunali matabwa ambiri oti atsitse, ndipo ankagona konko.

Ndinalowa m'kalasi mutu uli chilili, waya uli pamphuno. Ana anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya aphunzitsi anameza phwete lawo. A Nampinga sanakweze mawu. Anati ndisankhe: ndivule, kapena ndikagwade panja mpaka ndidzavule. Anawonjeza kuti sabata ikatha ndisanamvere, dzina langa alifufuta, ndikathandize amayi kuthyola tiyi. Mawu a bambo ndinali nawo m'khutu, ndipo dzanja langa linafika mpaka pawaya. Koma ndinaganiza za kukhala pabenchi chaka chonse ndikuyang'ana chinthu choyera, ndikubwereza pamodzi ndi anzanga mawu amene sindikuwaona, n'kumatchedwa mbuli. Sukulu yotero inali yofanana ndi kusapita. Ndinatsitsa dzanja, ndinatenga sileti yanga, ndinatuluka.

Malo ogwadapo olakwa anali kutsogolo kwa khomo, padothi louma pamene mthunzi wa denga sunkafika dzuwa likakwera. Aliyense ankadziwa kuti ine ndi dzuwa sitimwerana madzi, ndipo aphunzitsi anawerengera kuti belu lisanalire ndikhala nditagonja. Chimene sanawerengere ndi chakuti khomolo linali pafupi ndi bolodi kuposa benchi yanga. Ndinatsinzina diso lamanzere, ndinatsegula lamanja, ndipo zilembo zawo zija zinaima pamaso panga zonse, zoyera pa chakuda. Ndinatsinzina lamanja, ndinatsegula lamanzere, ndinazikopera pasileti. Iwo akafunsa funso m'katimo, ine ndinkayankha ndili panja, mokweza kuposa onse. Sankanditchula, ngati kuti kukulira khwangwala, koma ndinkaona choko chikuima m'mwamba pang'ono chisanapitirire.

Inali nthawi imene mvula yoyamba yagwa kale, pamene dzuwa likatuluka limachita ngati likubweza ngongole. Chipewa sichinkaloledwa kusukulu. Diresi langa la nsalu ya biriwita linkasiya khosi, mikono ndi akatumba panja. Poyamba khungu linkangotentha, kenaka linkayabwa, kenaka linkakoka ngati lachepa. Pofika poweruka ndinkamva fungo la thupi langa lomwe. Tsiku lotsatira panatuluka matuza. M'mawa uliwonse mwambo unali womwewo. "Wavula?" "Ayi, aphunzitsi." "Malo ako ukuwadziwa." Ana anasiya kuseka. Ena podutsa ankandiyang'ana mwamantha, ena ankanong'ona kuti ndingovula, bwanji kodi. Ndikuganiza kuti aphunzitsi nawonso anali atakwera mumtengo osadziwa potsikira, koma ine sindikanawagwirira makwerero.

Amayi ndinawabisira. Ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo ine ndinkafunda kansalu m'khosi ngati ndikumva kuzizira. Ndinkaopa ziwiri: kuti angandiletse kupita, kapena angapite okha ndi munsi uja, sukulu n'kuthera pomwepo. Koma matuza anaphulika, nsalu inamatirira pazilonda, ndipo madzulo ena pondilandira mtsuko anaona ndikudzikoka. Ananditembenuza. Ndinadikira Chilomwe chija, koma sichinabwere, ndipo kukhala chete kwawoko kunandiopsa kuposa kukalipa kulikonse. Anafunditsa madzi, ananyowetsa nsaluyo mpaka inamatuka, anandipaka mafuta a nsatsi ndi nsonga za zala. Ndinawauza zonse. Atatha anandigwira chibwano.

"Sukuluyo ukuifuna?"

"Eya."

"Nanga mandalawo?"

"Sindivula."

"Basi," anatero, n'kukasonkha moto.

M'mawa ananyamula dengu lawo n'kupita kutiyi monga mwa masiku onse, ndipo mtima wanga unagwa pang'ono. Linali tsiku lomaliza la sabata ija. Ndinayankha funso la aphunzitsi monga mwa nthawi zonse n'kukagwada. Dzuwa pazilonda zosapola ndi chinthu china. Ndinkaluma mlomo, zilembo zikusambira m'misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamba kukayika ngati ndifika poweruka. Mwadzidzidzi kutentha kunachoka pakhosi panga. Ndinamva fungo la chiguduli chonyowa, masamba a tiyi ndi thukuta, fungo limene ndikanalizindikira ngakhale pakati pa msika. Amayi anali ataima kumbuyo kwanga. Anali atamasula chiguduli chimene othyola tiyi amamanga m'chiuno, atachitambasula ndi manja onse awiri pamwamba pa mutu wanga. Anali atasiya mzere wawo pakati, nthawi ya masamba ambiri, pamene kapitawo salola munthu ngakhale kukamwa madzi. Sanaodire, sanapereke moni kwa aliyense.

"Mwanaka, ukuona?" ananong'ona.

"Ndikuona."

"Werenga. Mokweza, ndimve nanenso."

Pabolodi panali ziganizo wamba za phunziro la tsikulo, zokamba za mitsinje yotsika m'phiri lathu ndi kumene imathira. Ndinayamba kuwerenga mokweza. Amayi sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, koma ndikamaliza chiganizo ankavomera kuti "Ehee!" ngati ali pamlandu ndipo mboni yawo ikunena zoona. Azimayi ochokera kumadzi anaima ndi mitsuko pamutu. Amuna ena otsika ndi matabwa anatula katundu wawo m'mbali mwa njira. M'kalasi munali zii. Nditafika pansi pa bolodi, amayi anati ndiyambirenso. Mthunzi unayamba kugwedezeka pansi, ndipo ndinadziwa kuti mikono yawo yatopa, koma chiguduli sichinatsike.

A Nampinga anatuluka, choko chili m'manja.

"Mayi, kuno ndi kusukulu. Muli ndi mawu?"

"Ndilibe, aphunzitsi. Inu langani mwana, ndi ntchito yanu imeneyo. Ine ndikulimbana ndi dzuwa, osati inu."

"Mwanayu ndi wamwano."

"Ngati ndi mwano, anayamwa kwa ine. Koma khungu lakelo silidziwa mwano. Taliyang'anani."

Anayandikira. Ndinaona masokosi awo ataima pafupi ndi bondo langa. Masiku onsewo ankandiona chakumaso, ali m'kati, ndipo kumbuyo kwa khosi langa anali asanakuone. Atayankhula, mawu awo anali atatsika.

"Ndiye muima pamenepa mpaka liti?"

"Mpaka adzamalize sukulu," anatero amayi.

Wina mwa osenza matabwa aja anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Aphunzitsi anabwerera m'kati. Ndinamva choko chikugogoda bolodi, chikulemba, chikuima. Kenaka, osatembenuka, anati, "Fanesi, ukutsekereza mphepo pakhomopo. Lowa." Mawondo anali atauma moti amayi anachita kundidzutsa. Ndinalowa mandala ali kumaso, mutu uli chilili, ndinakakhala pamalo panga. Sindinapepese, iwonso sanapepese. Nditasuzumira panja, amayi anali atamanga kale chiguduli chawo m'chiuno, akuthamangira kukakumana ndi kapitawo. Ndinadzamva kwa anzawo kuti anawapatsa mizere ya pamtsetse, yoipitsitsa, mpaka mvula inatha. Iwo sanandiuzepo, ndipo nditawafunsa anangoti tiyi ndi tiyi.

Za mandala a Nampinga sanazitchulenso, ndipo bolodi lija linatuwa lokha ndi fumbi la choko. Waya wa bambo unandifikitsa Sitandade 6. Patapita zaka zambiri, munthu wina woyeza maso anandifotokozera kuti kuwala kukamenya madzi kumabwerera kutagona, kukamenya khoma chammbali kumabwerera kutaima, ndipo galasi lotere lili ngati mpanda wa bango umene umalola ndodo kudutsa ikakhala mbali imodzi yokha. Ndinamuthokoza. Zipsera za m'khosi ndikadali nazo, ndipo adzukulu akazifunsa ndimawauza kuti ndi satifiketi yanga yoyamba.

Lero zinthu zasintha, ndipo sindikana. Magalasi a dzuwa ali mulu pamsika wa Limbuli. Mwana wonga ine amalowa m'kalasi ndi chipewa chake, kuchipatala amamupatsa mafuta odzola, ndipo mphunzitsi amene angamugwaditse padzuwa angaone zakuda. Koma pafupi ndi kwathu pali mayi wina wamng'ono amene amaperekeza mwana wake wachialubino kusukulu, ndipo sabwerera kunyumba. Amakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda mpaka kuweruka, munda wake ukumera udzu. Iye saopa dzuwa. Akuopa anthu amene amva kuti m'mafupa mwathu muli chuma. Amayi anga mdani wawo ankamuona ali kumwamba, ndipo chiguduli chinkamukwana. Mayi uyu sadziwa kuti wake adzatulukira mbali iti, kapena ngati ndi munthu amene amadya naye mbale imodzi. Zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa chilichonse chimene a Nampinga anandichita.

Ana anga amati ndizikhala m'nyumba, ndakalamba, kunja kwaopsa. Ine m'mawa ndimavala chipewa ndi magalasi, ndimatenga kampando kanga, n'kukakhala pambali pa mayi uja, poyera, pamene msewu wonse ungandione. Pali bodza lakale loti ife sitimwalira, timangosowa. Ine sindinasowe, ndipo sindikupita kulikonse. Wodutsa aliyense amene akufuna kuyang'ana, ayang'ane mpaka akhute. Angodziwa kuti nanenso ndikumuona bwinobwino.